Zipolopolo Patsindwi la Khitchini

Mwana wanga akamakazinga mbuliwuli, ine ndimatuluka m'khitchini. Kuphulika kwake kumandibwezera kwathu kwa Kanduku, ndipo mpaka lero bambo anga amanditopetsa ndikawakumbukira.

Othawa nkhondo atabwerera ku Mozambiki, kunamveka mphekesera yoti achifwamba achuluka. Bambo anapita kumalire ndi mbuzi yathu yabere, n'kubwerako ndi chitini cha zipolopolo. Mfuti analibe.

"Nanga muziponya ndi manja?" anafunsa mayi.

"Mfuti tidzagula tikakolola. Munthu amakonzekeratu."

Poopa dzimbiri, anamangirira chitinicho ndi luzi patsindwi la khitchini, pamwamba pa moto, pamodzi ndi chimanga cha mbewu chimene tinkachifukiza utsi kuti chisafumbwe. Ine ndinkayesa nazonso ndi mbewu. Mvula itagwa ndinafunsa ngati tidzala ziwiriziwiri paphando, bambo anandikalipira.

Tinakolola kawiri, mfuti osaoneka. Luzi lija linada ndi mwaye, linauma, ndipo masana ena mayi akuphika nyemba linaduka, chitini n'kugwera pamoto. Mayi anandikoka mkono mpaka kuseri kwa chulu. Tinagona chafufumimba, zipolopolo zikuphulika chimodzichimodzi, fungo lake ngati wayatsa machesi onse a m'golosale. Udzu unagwira moto, mbewu yonse n'kupsa.

Bambo atafika anayang'ana phulusa lija, n'kugwedeza mutu.

"Mwaona? Zinali zenizeni, sanandinamize."

Achifwamba sanapondepo pakhomo pathu. Amene anatiombera ndi bambo, ndipo analibe n'komwe mfuti.