Mwendo Wanga ndi Tambala wa Chipepeso

Galimoto inandigunda m'nyengo ya mvula. Ku Kanyama, komboni yathu, madzi akadzaza timayenda pakati pa msewu, chifukwa m'mbali suona pamene pali ngalande. Ndinali kupita kuntchito, zida zomangira zili m'thumba. Takisi inazemba dzenje n'kupeza ine. Mwendo wakumanja unathyoka pansi pa bondo.

Woyendetsa sanathawe. Anandinyamula yekha, nandiika m'galimoto momwemo, ulendo wa kuchipatala. Njira yonse ankalira. Ndinamuuza kuti atonthole, ayang'ane kutsogolo, angagunde wina.

Kuchipatala anandiika chitsulo m'mwendo. Ndinatuluka ndi ndodo ziwiri. Ine ndine womanga nyumba. Womanga nyumba amakwera, amanyamula mabuloko, amaima tsiku lonse. Dokotala anati zokwera ndiiwale. Ndinakhala pakhomo osadziwa kuti banja ndidzalidyetsa ndi chiyani. Mkazi wanga anaika katebulo ka tomato ndi kapenta pakhonde, koma kameneko sikakwanira lendi.

Lamlungu lina woyendetsa uja anabwera ndi amalume ake. Ananyamula tambala, shuga ndi thumba la ufa. Iwo ndi a ku Katete, ine wa ku Chadiza, ndiye tinamvana msanga. Amalumewo anavula chipewa, nalankhula mwaulemu. Anati mwana wawo sanachite dala, ndipo chichitikireni ngozi sagona tulo. Ndinati ndamva. Tinagwirana chanza. Tambala tinadya tsiku lomwelo, onse pamodzi. Kwathu ukadya nkhuku ya chipepeso, mlandu watha. Suutchulanso.

Amene anandikokera kwa loya ndi mwana wanga wamkazi, woluka tsitsi ku Chawama. Anamva kwa makasitomala ake kuti m'tauni muli ofesi ya maloya othandiza anthu opanda ndalama. Ndinakana. Anabwera ndi mayi ake, awiri kundivutitsa. Ndinapita kuti andisiye.

Loyayo anali mtsikana, msinkhu wa mwana wangayo, wa magalasi. Anawerenga lipoti la apolisi ndi la dokotala, kenako anandiyang'ana.

"Atate, nkhani yanu ni yowongoka. Chatsala ni pepala la inshuwalansi la takisi ija."

"Sindifuna," ndinatero.

"Simufuna chani?"

"Mlandu. Unatha."

"Unathera kukhoti liti?"

"Pakhomo panga. Ndinadya nkhuku."

Anavula magalasi. Anayesa kudzigwira, koma phwete linatuluka.

"Inali yaikulu, atate?"

"Tambala."

"Mwendo wonse, tambala mmodzi?"

"Ndi shuga."

Mwana wanga anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinatenga ndodo kuti ndinyamuke. Ndinamuuza loyayo kuti munthu uja amakhala ku komboni ya George, m'nyumba ya lendi, ndi ana ang'onoang'ono. Chimene ali nacho ndi takisi yakale ija basi. Sindingagwire munthu chanza Lamlungu, Lolemba n'kumugulitsira galimoto.

Analeka kuseka. Anandipempha kuti ndikhale pansi. Anati iyenso kwawo ndi ku Chipata, ndipo atate ake akanayankha monga ine.

"Nkhuku ija siniitsutsa. Inali ya pakati pa imwe na iye. Koma pali wachitatu amene sanabwere kudzapepesa."

"Ndani?"

"A inshuwalansi. Amalandira ndalama kwa woyendetsayo nthawi zonse, kuti tsiku lotere likafika alipire ndiwo. Iye sakhudzidwa."

Sindinakhulupirire. Ndinaganiza kuti ndi nzeru za m'tauni zonyengerera okalamba. Ndinati ndivomera pokhapokha ndimve m'kamwa mwa mwini galimoto, amalume ake ali pomwepo. Ndinkayesa kuti akwiya. Iye anangoti, "Abweretseni. Mipando ilipo."

Tsiku lopangana onse awiri anafika. Amalume anavala jekete. Woyendetsa ananyamula bulangete ndi mswachi m'pulasitiki, poganiza kuti pochoka pamenepo akagona kupolisi. Mkazi wake anali atamulira kale.

Loya anafotokoza pang'onopang'ono, monga anachitira kwa ine. Woyendetsa anamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ba loya, ndiye kuti motoka yanga siigwidwa?"

"Siigwidwa."

"Ndalama sizichoka m'thumba mwanga?"

"Zinachoka kale, pamene munali kulipira inshuwalansi."

Anaimirira, bulangete n'kugwa pansi. Anatembenukira kwa ine.

"Ba mudala, tengani! Chaka na chaka nilipira, chimene nipeza ni kapepala komata pagalasi. Tengani, nione nane kuti vinthu ivi visebenza!"

Ndinayang'ana amalume, chifukwa mawu otsiriza anali awo. Anaganiza kanthawi, akusisita chipewa pabondo. Kenako anati tambala uja anali wa mkwiyo, sanali wa fupa. Mkwiyo unatha, fupa likadali ndi mlandu wake. Ndinasaina. Woyendetsa anathamangira kugalimoto kukatenga pepala lija. Analipeza pansi pa mpando, litanyowa pang'ono, koma linali lisanathe ntchito.

Zinthu sizinayende msanga. Mvula inatha, kuzizira kunabwera, fumbi linayamba. A inshuwalansi anayamba ndi kutchula ndalama yochepa. Ine ndinati tilandire, chochepa n'chochepa koma chafika. Loya anakana. Anati imeneyo ndi ya munthu amene wachira n'kubwerera kuntchito, pamene ine ntchito yanga yatha. Ananditumizanso kwa dokotala, nandichenjeza pakhomo.

"Atate, akakufunsani kuti mumvera bwanji, musakati muli bwino. Nikudziwani imwe azibambo. Mukanene zoona."

Anatuma ndi mkazi wanga kuti akandiyang'anire. Dokotala atafunsa, ine ndisanatsegule pakamwa, mkazi wanga anayamba. Ananena zonse. Kuti kukazizira ndimabuula, kuti kuchimbudzi ndimavutika kunjuta, kuti nsapato amandiveka ndiye. Sananame ngakhale pamodzi. Dokotala analemba mpaka kutembenuza pepala. Ine ndinayang'ana kudenga.

Maulendo onsewa ankandinyamula ndi woyendetsa uja, osalandira kanthu. Ankaimika takisi pakhomo n'kuliza hutala. Anthu a m'komboni ankatuluka kudzaonerera. Mayi wina wogulitsa makala ankakuwa, "Onani, wogunda na wogundidwa apita kukacheza!" Woyendetsa ankayankha kuti amene afuna kukwera ulere ayambe wagona pamsewu. Ine ndinkakhala kutsogolo, ndodo zili kumbuyo, ndikumuuza kuti achepetse liwiro.

Foni ya loya inandipeza masana, ndikusenda mbatata pakhonde.

"Atate, a inshuwalansi avomera."

"Chabwino."

"Chabwino chabe? Sekani pang'ono, nimvereko."

Sindinaseke pafoni. Ndinaiika pansi, n'kusiya kusenda. Mkazi wanga anaona nkhope yanga, naliza nthungululu mpaka aneba anabwera kudzafunsa ngati kwabadwa mwana.

Ndalamazo sizinandilemeretse, ndipo mwendo sunabwerere mwakale. Koma zinakwanira makina oumbira mabuloko, simenti yoyambira, ndi lendi ya kamalo pafupi ndi msewu. Popita kukathokoza loya ndinavala malaya a kutchalitchi. Mawu ambiri ndinalibe. Ndinati, "Mwana wanga, wagwira ntchito." Anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati akadzayamba kumanga nyumba yake adzagula mabuloko kwa ine, koma ndisadzamuchotsere mtengo chifukwa adzadziwa.

Makinawo anabwera pa lole. Ndinalemba amuna awiri a mphamvu zawo, osakaniza ndi kutsindira. Ine ndimakhala pampando pambali. Dothi la simenti ndimaliyesa ndi dzanja: ndikalifumbata n'kusamwazika, lakhala bwino. Zimenezo sizifuna mwendo.

Tsiku loyamba mabuloko anatuluka osalala, m'mbali mwake mowongoka. Ndinawayang'ana ali pamzere padzuwa. Munthu wina wodutsa anagogoda limodzi ndi chala, nafunsa kuti auma liti. Ndinamuuza. Anati ndimusungire.

Madzulo ndinafika kunyumba simenti ili m'zikhadabo ndi m'tsitsi. Mkazi wanga anayang'ana manja anga. Anapita kukatereka madzi osamba pambaula, akuimba.