Munatigulitsa gemu ya manja awiri

Amuna anga ali ndi dzanja limodzi. Ndinanena zimenezi m'shopu muja ndisanatulutse ndalama, mwini shopu n'kugwedeza mutu kuti wamva. Lero anthu a kuno ku Mtendere akutumizirana kanema wa amuna angawo pa foni, akufa ndi phwete. Ndiye khalani pansi ndikuuzeni zimene anatichita pa kashopu ka magemu kamene kali kuseri kwa msika. Mwini wake sindimutchula dzina. Ndizimutcha Bwana Magemu, poti ubwanawo amaukonda.

Kwa amene simutidziwa, amuna anga, a Bashi Mwape, ndiye kuti bambo ake a Mwape, ankawotcherera mageti ku Kalingalinga. Chaka chatha minibasi imene anakwera inagubuduzika, ndipo kuchipatala anawadula dzanja lamanja pachigongono. Ntchito inathera pomwepo. Anzawo anabwera mwezi woyamba ndi mapemphero, kenako anasowa mmodzimmodzi. Bambowa anasiya kutuluka pageti. Amati anthu amayamba kupatsa moni mkono wa malaya, nkhope pambuyo.

Chimene chinawatsalira ndi makina akale a gemu amene anabwera nawo kuchokera kwawo ku Kitwe ali mnyamata. Gemu yake ndi imodzi yomweyo. Anthu anayi, wa lupanga, wa uta, wamatsenga ndi mayi wochiritsa, akuyenda m'mapiri kusaka chinjoka chimene chinawotcha mudzi wawo. Zithunzi zake ndi timabokosi tokhatokha, munthu ndi mtengo osasiyana kwenikweni. Koma nkhondo yake ndi yaulemu. Adani amaima uku, anthu ako uko, ndipo palibe womenya mnzake mpaka iwe utasankha chochita. Ukhoza kupita kukamwa tiyi, chinjoka chimangoima kukudikira. A Bashi Mwape ankaika padi, chija chamabatani, pantchafu, n'kumadina ndi chala chachikulu chamanzere. Ndikaweruka ku Kabulonga kumene ndimagwira ntchito yam'nyumba, ndinkawapeza ali ndi nkhani zondiuza. Wa uta wavulala, mayi wochiritsa mankhwala amuthera. Zambiri sindinkazimvetsa. Ndinkangosangalala kuti akulankhula.

Makinawo anasiya kuyaka tsiku lina magetsi atabwera mwamphamvu. Ndinawakulunga m'chitenje, ulendo wa kwa Bwana Magemu. Anawatembenuza uku ndi uku, osamasula ngakhale sikuluwu imodzi.

"Ba mami, ivi vinafa kudala, kulibe wamene angakonze," anatero. "Koma muli na mwayi. Iyi gemu yamene bakonda ba mudala banaipanga futi, yanyowani. Nkhani ni imozimozi, banthu ni bamozimozi, koma manje ioneka monga filimu. Siyani vakufa ivi, muikepo ndalama pamwamba, nikupaseni mashini yamanje."

Ndinamufunsa mosazungulira. "Bamuna banga bali na kwanja kumozi. Bazakwanisa?"

"Ah, ba mami! Na mwana wa ku nasale akwanisa."

Ndinasiya makina athu, ndi kakhadi kake kamene kamasunga pamene munthu wafika m'gemumo. Ndinaperekanso ndalama yonse ya chilimba, chija chosonkherana mosinthana, imene azimayi anzanga a kutchalitchi anali atangondipatsa. Makina amene anandipatsa anali ogwirapo kale ntchito, koma ndinapita nawo kunyumba ngati ndanyamula khanda.

A Bashi Mwape atayatsa anasendera pafupi ndi TV. Mudzi umene anauzolowera uli timabokosi tsopano unali ndi udzu wogwedezeka ndi mphepo, utsi, nkhuku zikupalasa. Mayi wochiritsa uja anali ndi nkhope, mpaka makwinya a pamphumi.

"Awe mwandi, aba banthu baziba nchito," anatero, misozi ili lengelenge m'maso.

Kenako anatuluka pachipata cha mudziwo n'kukumana ndi mimbulu. Mimbulu ya gemu yatsopano siidikira munthu. Chala chamanzere chizithamanga, chamanja chizitembenuza maso, zala zina zizimenya ndi kutchinga, zonsezo nthawi imodzi. Anayesa pantchafu. Anayesa kupanikiza padi ndi chibwano. Mimbulu inawadya. Anayambiranso, inawadyanso. Pamene magetsi amazima anali akadali pachipata pomwepo. Anaika padi patebulo mofatsa.

"Iyi si yanga, Bana Mwape," anandiuza. "Ni ya banthu ba manja yabili."

Mawa lake nditaweruka ndinabwerera kushopu, makina atsopanowo ali m'chitenje. Mukuganiza ndinapeza chiyani pakauntala? Makina athu akufa aja akuyaka, kanyimbo kawo kakulira, anyamata atatu atawazungulira. Anauka liti kwa akufa? Ngakhale tsiku lachitatu linali lisanakwane! Mmodzi wa anyamatawo, posadziwa kuti ndine ndani, anandiuza kuti vuto linali kafyuzi basi.

Ndinaima pamenepo ndikumva akatswiri akukangana.

"Iyi yakudala ni ya nkhalamba," anatero wina. "Vilombo viimilila pa laini monga ni ku kiliniki."

"Yanyowani banaononga nyimbo, koma ndeo yake ni ya zoona," anayankha wachiwiri.

"Imwe simuziba kanthu," anatero wachitatu. "Yakudala ndiye yeniyeni. Ba bwana ba ku mayadi baisakila maningi, balipila mushe."

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Makina athu sanafe ayi, anangopeza wowasirira. Ndinaika atsopanowo pakauntala n'kumuuza Bwana Magemu kuti atenge zake, andipatse zanga. Za ndalama ya pamwamba ija sindinatchule n'komwe. Iye maso ali pa foni.

"Vogula sivibwelela," anatero. Nditakweza mawu m'pamene anadzutsa mutu. "Ba mami, imwe magemu simuyaziba. Ba mudala ni ulesi chabe. Babwele beka pa Chibelu, tione ngati zoona bakangiwa. Bakakangiwa nizabweza."

Ndinamuuza kuti munthuyo satuluka pakhomo chichitikireni ngozi.

"Ninshi mashini yao sibaifuna."

Sindinkafuna kuwauza a Bashi Mwape, koma anandifunsa okha kuti ndayenda bwanji. Ndinawafotokozera zonse. Atamva anandipempha kuti ndiwasitire malaya oyera a kutchalitchi.

Loweruka, Chibelu chakecho, ndinawapindira mkono wa malayawo n'kuumanga ndi chipini. Anatuluka pageti. Anayenda mpaka kumsika, maso ali pansi, akuyankha moni ndi mutu wokha. Mulungu andikhululukire, ine panjirapo mtima unali m'malo. Ndinkati makinawo tiwapeze kapena ayi, bola munthu watuluka m'nyumba.

Shopu inali yodzaza ndi anyamata. Makina athu pakauntala panalibe, koma ndinaganiza kuti awasunga kuseri. Bwana Magemu anakoka kampando n'kukaika pakatikati, kutsogolo kwa TV yaikulu.

"Tiyeni ba mudala, tionesheni."

Amuna anga anakhala pansi, anaika padi pantchafu. Mimbulu inabwera. Anathawira kumanzere, osaona kumene akupita, n'kugunda mwala. Inawadya. Anayambiranso. Anakweza padi, anaipanikiza ndi chibwano, inapulumuka n'kugwa pansi. Atawerama kuti aitole, kampando kanapendama. Shopu yonse inaphulika.

"Sebenzesani mendo, ba mudala!" anakuwa wina.

"Na lilime lingathandize!" anatero mnzake.

Bambo wa msinkhu wa makolo awo, thukuta lili kamukamu, ndiye chimene chinali choseketsa. Ndinawagwira paphewa kuti tizipita. Anakana. Anali atalonjezedwa, ndipo a Bashi Mwape ndi munthu wokhulupirira mawu a mwamuna mnzawo. Ulendo wotsatira anadinikiza padi ndi chotsalira cha mkono chija, mpaka chipini chinamasuka, mkono wa malaya n'kumalendewera. Mwangozi lupanga linagwera mmbulu umodzi, unafa. Inayo inawamaliza.

Bwana Magemu anawomba m'manja.

"Mwaona! Bapaya imozi. Ninshi bakwanisa. Bazingoyesa chabe, bazazolobela."

Zimene ndinamuuza sindingazilembe pano, ana amawerenga nawo. Wakuba ndiye linali dzina laulemu kwambiri. Ndinamuuza kuti atulutse makina athu nthawi yomweyo. Iye anadzikanda m'khosi, akumwetulira.

"Mashini inayenda mailo, ba mami. Banaitenga ba bwana bena ba ku mayadi."

Dzulo lake. Ndiye kuti pamene ankakoka kampando kaja ankadziwa kuti chobweza palibe.

"Nanga munabankhalikila chani pa mupando?" ndinamufunsa.

"Tenze kufuna chabe kuona."

Ankangofuna kuona. Mwamva inu? Munthu wavala malaya osita, wadutsa pakati pa msika wonse ali ndi manyazi, kuti anyamata opanda chochita aone.

A Bashi Mwape anaimirira. Anafunsa ndi mawu apansipansi za kakhadi kaja, poti anthu awo anayi anali atatsala pang'ono kufika paphanga la chinjoka.

"Kanayenda pamozi," anayankha Bwana Magemu, maso atabwerera kale pa foni.

"Zikomo," anatero amuna anga. Anathokoza! Zikomo ameneyo akundiwawa mpaka lero kuposa kuseka konse kuja. Tinabwerera kunyumba, mkono wa malaya ukukupiza, ine manja ali odzaza ndi makina opanda ntchito.

Chimene sitinadziwe n'chakuti wina anali kumbuyo kwathu akujambula ndi foni. Lamulungu nditafika pakhomo kuchokera kutchalitchi, mayi woyandikana nafe anandiitanira pambali, nkhope ili yakugwa, kuti andionetse. Aikamo kanyimbo koseketsa. Pamene padi ikugwa abwerezapo katatu. Sitinachepetse mawu msanga. A Bashi Mwape anamva ali m'nyumba, anazindikira kulira kwa mimbulu, anatuluka n'kutambasula dzanja kuti tiwapatse foniyo. Anaonera mpaka kumapeto, kenako anayambiranso.

Ndiye mverani. Bwana Magemu, makina aja ndi kakhadi kake ndikuzifuna. Njira ya ku mayadi mukuidziwa, munagulitsa nokha, pitani mukatenge. Makina anu atsopano ali pano m'chitenje, palibe wawakhudza. Iwe amene unajambula, amayi ako ndiwapeza, Mtendere si waukulu. Inu amene mwatumiza kanemayo kwa anzanu, mayina anu ndawaona pansi pake, ndi tinkhope tanu toseka. Ena mwa inu geti limene mumatseka madzulo aliwonse anawotcherera ndi munthu yemweyo. Ena timakhala benchi limodzi kutchalitchi, mumaimba mokweza kuposa tonse.

Akatswiri a magemu, musandilembere kuti m'gemu yatsopano muli pochepetsera ukali wa adani. Tinayesa usiku woyamba uja. Mmbulu wofatsa nawonso umafuna zala za manja awiri. Musandiuzenso kuti yabwino ndi iti, yakale kapena yatsopano, mukangane nokha kumeneko. Anthu amene anaipanganso gemuyo ali kutali, sakutidziwa. Amene anatinamiza akutidziwa, ndipo anandiyang'ana m'maso. Amene muli ndi makina akale m'nyumba, akakuuzani pa kashopu kaja kuti afa, anyamuleni mubwerere nawo.

Amuna anga atamaliza kuonera kachiwiri anabweza foni kwa mwini wake mwaulemu. Sanakalipe, sanalire. Anatembenukira kwa ine.

"Bana Mwape, kanshi ni so mwamene banthu bamanionela?"

Analowa kuchipinda, ndipo chilowereni chakudya ndikuwapititsira komweko. Lero m'mawa ndikunyamuka kupita kuntchito andifunsanso funso lomwelo. Inu amene munaseka, ndipatseni yankho, ndikawauze ndikaweruka.