Makutu a Bambo Anga

Ndikukumbukira kashedi ka bambo anga kuseri kwa chigayo cha ku Bowe, ndi fungo lake la dizilo, gaga ndi sopo wopserera. Bambo adagwirapo ntchito ku Lilongwe, pa fakitale ina yopanga mafani. Fakitaleyo itatsekedwa, anabwerera kumudzi ndi makina amodzi akale ozunguza chitsulo. Kwathu kunalibe magetsi, choncho anagwirizana ndi mwini chigayo kuti azikoka lamba kuchokera ku injini yake.

Ntchito yawo inali yokoma kuonerera. Ankadula aluminiyamu mozungulira ngati mbale, n'kumupanikiza pa chikombole cha mtengo. Makina akayamba kuzungulira, ankapana ndodo yachitsulo m'khwapa n'kutsamira ndi thupi lonse, ndipo mbale ija inkagonja pang'onopang'ono mpaka kuvala chikombole, monga dongo m'manja mwa woumba. Ankapanga zivundikiro za pakati pa fani ndi makamwa ake ozungulira olowera mpweya. Anthu ankabwera ndi mafani owonongeka kuchokera ku Mtengowanthenga, ena ku maofesi a pa Boma. Ntchito ya mafani ikasowa, ankapanga mapoto.

Koma aluminiyamu amatopa. Ukamukankha nthawi yaitali amauma, ndipo ukaumirira amang'ambika. Asanang'ambike amasintha kulira. Mawu ake okhuthala aja amaonda, n'kukhala ngati mluzu. Pamenepo mmisiri amaimitsa makina, amapaka sopo pa chitsulocho n'kuchiika pa makala. Sopo akada, ndiye kuti chafewanso.

Vuto linali loti phokoso la ku fakitale lidawatha makutu bambo. Iwo sankavomera. Ankati amayi ayamba kulankhulira m'kamwa, ndipo abusa atsopano adabwera opanda mawu. Ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkaima kumbuyo kwawo, ndipo mluzu uja ukangoyamba ndinkakoka malaya awo. Sitidakambiranepo za zimenezi. Kwa anthu ankati ndimawagwirira sopo.

Nditalemba mayeso a Sitandade 8, ndinasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, cha ku Ntchisi. Amayi anaimba nthungululu mpaka agalu anauwa. Ine ndinawauza kuti sindipita. Ndinkadziwa kuti ndikachoka, mbale za bambo ziyamba kung'ambika, ndipo anthu asiya kubwera.

Mawa lake bambo anandiitanira ku shedi. Anandilozera thumba la gaga lomwe linali pambali pa makina.

"Khala apo. Manja uwakhalire. Ukandikhudza ndikukwapula."

"Nanga chikang'ambika, bambo?" ndinafuula pafupi ndi khutu lawo.

"Ching'ambike bwanji? Ntchitoyi ndidayamba iwe ukuyamwa. Akuti sukupita kusukulu chifukwa cha ine. Lero uona."

Anakoka lamba. Mbale inayamba kuzungulira, kunyezimira ngati madzi. Ndinamvetsera mawu ake akukwera pang'onopang'ono. Thukuta linayenderera pa khosi la bambo, timizere tachitsulo tikugwera pa mapazi awo. Kenako mluzu uja unayamba. Manja anga anafuna kutuluka okha, koma ndinawapanikiza ndi ntchafu. Nthawi yomweyo bambo anachotsa ndodo n'kuimitsa makina. Anapaka sopo, anawotcha, anamaliza chivundikirocho bwinobwino, chopanda ngakhale kamng'alu.

"Waona? Ndikumva ine. Kalongedze katundu."

Ndinapita kusukulu mtima uli m'malo.

Nditabwera ku tchuthi choyamba, mvula inali itayamba ndipo mapiri anali obiriwira. Ndisanafike kunyumba ndinadzera ku chigayo. Shedi inali yotseka ndi waya. Lamba anali atapachikidwa pa msomali, atayera ndi ufa. Kuseri kunali mulu wa mbale zong'ambika, zina zitadzaza madzi a mvula, nkhuku zikumwapo. Mwini chigayo anandiuza kuti bambo ali kumunda, akuwokera fodya wa eni.

Amayi ndinawapeza akusenda nthochi pakhonde. Ndinawafunsa kuti zatheka bwanji, poti tsiku lija ndidaona ndekha bambo akumva. Anandiyankha maso ali pa mpeni.

"Sadamve kanthu, mwanangu. Ankakuyang'ana iwe m'chitsulo chonyezimiracho. Utangokukuta mano, anadziwa. N'chifukwa chake adakukhazika pambali paja. Adati ndisakuuze."

Madzulo bambo anabwera matope mpaka m'mawondo. Anandigwira dzanja, n'kundifunsa ngati kusukulu tikudya mokhuta. Za shedi sanatchule, inenso sindinafunse. Ku makina aja sanabwererenso.

Masiku ano mafani ambiri ndi apulasitiki. Akathyoka amatayidwa kudzala, ndipo palibe amene amafunsa za mmisiri. Makina a bambo anagulidwa ndi anyamata ogula zitsulo zakutha, ndipo pamene panali shedi pali kagolosale. Ana anga ndikawafotokozera kuti chitsulo chimalira chikatopa, amandiyang'ana mwaulemu basi.

Chaka chimene ndinakhoza mayeso a Folomu 4, bambo anali atayamba kudwala. Ndinawapeza atagona pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada, ndinaika pakamwa pa khutu lawo, n'kufuula kuti ndakhoza, ndipo ndinawonjezera kuti zikomo. Anagwedeza mutu n'kumwetulira, monga ankachitira kwa aliyense wowalankhula. Mpaka lero sindidziwa ngati adamva.