Nambala Inaima pa 11

Mvula yoyamba imabwera ndi mphenzi, ndipo mphenzi imafuna kuti munthu azule za magetsi pakhoma. Mayi wotaipa makalata m'kachipinda koyandikana ndi telala anakula akudziwa zimenezi. Kukangogunda, iye amazula pulagi.

Masana amenewo anazula ali pa tsamba 83 la mbiri ya aphunzitsi opuma, nkhalamba imene inalemba moyo wake wonse m'makope awiri. Makopewo anali atanyowa ndi denga lodontha, inki n'kusungunuka. Mbiriyo inatsala m'kompyuta mokha.

Mvula itakata anayatsa. Galasi linangoti bii, tizilembo toyera tikuyenda ngati nyerere, nambala n'kuima pa 11. Anazimitsa n'kuyatsanso katatu. Chimodzimodzi. Aphunzitsi anali pabenchi, chipewa chili pabondo.

Mlamu wa mayiyo, wokonza makompyuta, anafika nsapato zili matope okhaokha.

"Alamu, mwaizimitsa kangati?"

"Katatu kokha."

"Kokha! Munaizula ili pakati pa ntchito, ndiye ikusoka pamene panang'ambika. Inu mukuilanda singano."

"Nanga osanena bwanji? Pakamwa ilibe, koma kulemba imatha. Telala uyu amati, 'Khalani pansi mayi, ndatsala pang'ono.' Iyi ikungondiwerengera manambala ngati ndapalamula!"

"Zimenezo analembera anthu odziwa."

"Odziwa! Zaka khumi ndi ziwiri ndikudyera zala izi, ine si munthu? Kwawo kwa amene anaipanga kulibe mphenzi? Abwere awauze okha aphunzitsiwa kuti moyo wawo wathera pa 11!"

"Iopsezeni ndi sizasi, mayi!" anakuwa telala kuseri kwa khoma.

"Khalirani manja anuwo, alamu," anatero mlamuyo.

Mayiyo anawakhaliradi, akutukwana chamumtima. Madzi ankadontha m'beseni. Patapita nthawi nambala ija inasuntha, 12, 30, kenako inathamanga. Mbiri inatseguka. Masamba 82 anali bwinobwino. La 83 linali mbee.

"Aphunzitsi, ndataya tsamba la tsiku limene munaika mkazi wanu m'manda," anatero mayiyo.

Nkhalamba inatembenuza chipewa chija.

"Limenelo silifuna kope, mwanangu. Lemba. Kunali mphepo, chimanga chitauma m'munda."

Mayiyo anataipa mpaka aphunzitsi atamaliza kufotokoza. Kutali kunagundanso. Anasunga zolembazo, nauza kompyuta kuti itseke, nadikira mpaka kanyali kake katazima. Kenako anawerama n'kuzula pulagi.