Azakhali a m'Chipinda cha Ovulala

Mayi amene tinawaika m'manda sabata yatha ankatchedwa Azakhali ndi aliyense, ngakhale ndi madokotala a imvi. Anabadwira m'banja losauka koma loopa Mulungu, ndipo anasiya sukulu akali aang'ono kuti alere abale awo, amayi awo atamwalira. M'banja anapatsidwa mwana mmodzi yekha, wamwamuna, ndipo amuna awo sanakhalitse pa dziko lino.

Umasiye unawafikitsa ku chipatala chachikulu, m'chipinda cholandirira ovulala pa ngozi. Sanali namwino. Ntchito yawo inali kudula zovala za ovulala ndi sizasi, kukolopa magazi, ndi kukanikiza bala mpaka dokotala atapeza mpata wolisoka. Chipindacho chinali ndi malamulo ouma. Ovulala akachuluka, dokotala ankayamba ndi amene angathe kupulumuka, ndipo amene imfa yawagwira kale ankagonekedwa cha kukhoma. Wogwira bala naye sankachotsa dzanja asanauzidwe. Anamwino achitsikana akamadandaula kuti atuluka thukuta tsiku lonse koma zotsatira zake ndi mitembo yokhayokha, Azakhali ankati, "Ana inu, kuchiza n'kwa Mwini wake. Ife tingoletsa magazi."

Tsiku lina masana anabweretsa anthu a m'minibasi imene inagubuduzika. Azakhali anapatsidwa dalaivala, amene anaduka mtsempha wa pantchafu, ndipo mpweya wake unkanunkha mowa. Ali chigwirire balalo, anaona machira akupita kukhoma. Pamachirapo panali mwana wawo, amene ankachokera ku ntchito pa minibasi yomweyo, mutu utaphwanyika.

"Adokotala, uyo ndi mwana wanga."

Dokotala anapita, naunika m'maso mwake ndi tochi, nabwerera.

"Azakhali, sindikunamizani. Palibe chimene ndingachite. Koma mukachotsa dzanjalo, uyunso tamutaya, ndipo manja ena ndilibe."

"Amayi, musandisiye," analira dalaivala uja.

"Khala chete, chidakwa iwe," anatero Azakhali, nakanikiza kwambiri.

Anayamba kunena pemphero la Atate Athu mokweza, kuti mwina mawu afike kukhomako. Pamene dokotala anati, "Chotsani tsopano," mwana wawo anali ataphimbidwa kale nsalu.

Wowerenga asayembekezere kumva kuti nsembe yotereyi inabala chipatso chooneka ndi maso. Dalaivalayo anachira, nabwerera ku mowa wake ndi ku chiwongolero chake, ndipo sanabwere n'komwe kudzapepesa. Ngozi sizinachepe. Azakhali anakolopabe magazi a ana a eni mpaka msana unawakana. Mapemphero a m'mawa sanajombepo, koma nyimbo sanaimbenso. Wansembe atawafunsa chifukwa, anati, "Ndimagogoda tsiku ndi tsiku, Bambo, koma m'nyumbamo muli zii."

Pa matenda awo omaliza, wansembe yemweyo anawafunsa ngati anamukhululukira dalaivala uja. Azakhali sankadziwa kunama.

"Za kukhululuka sindikudziwa, Bambo. Ndikamukumbukira, mtima umawirabe. Koma dzanja sindinachotse."

Analandira Mgonero, natseka maso, namwalira mwakachetechete ngati munthu wotopa amene waloledwa kuweruka.

Ife a masiku ano timadikira kuti mtima uyambe wakondwa tisanachitire mnzathu chabwino. Mtima wa Azakhali sunakondwenso mpaka m'manda, koma amene anawaphera mwana akuyenda lero ndi miyendo yake iwiri.