Tsitsi la Niran

Pa chilumba cha Lanta pano, ukafunsa amene amasema bwato la chikondwerero, ngakhale mwana wongophunzira kuyankhula akulozera kwa a Samran Changnam, nyumba ija yoimikidwa pamitengo, yoyang'ana kunyanja. A Samran ndi aafupi, opsa ndi dzuwa, ndipo amakoka mwendo wamanzere. Mwendowo unafera pansi pa nyanja. Ali mnyamata ankatsika ndi paipi ya mpweya kukaonja miono, ndipo tsiku lina makina opopa mpweya anazima iwo ali pansi. Anavuuka mothamanga, anzawo n'kuwakokera m'bwato ngati thumba la mpunga. Chichokereni tsikulo sanatsikenso. Anatola mpeni wa malemu bambo awo n'kuyamba kusema.

Bwatolo timalipanga kawiri pa chaka, mwezi ukakhala wathunthu, mvula ikamabwera ndiponso ikamapita. Timati Loi Ruea. Amuna amakadula mitengo ya rakam, yaminga koma yopepuka, n'kulumikiza bwato lalitali, lokongoletsedwa ndi mbalame ndi maluwa osema. Banja lililonse limaikamo tizidole tamtengo, kamodzi m'malo mwa munthu aliyense wamoyo wa m'nyumbamo, n'kumangirirapo tsitsi lake pang'ono. Timaponyamonso zikhadabo, mpunga ndi tsabola. Kukacha timalikankhira kunyanja kuti lipite ndi minyama yathu yonse. Akufa sawasemera chidole. Munthu amene anagona kale, minyama yanji imene ingamupezenso?

A Samran ndi akazi awo, mayi Yupa, anali ndi mwana mmodzi yekha, Niran. Mnyamatayo anali wansangala, woseka ndi mano onse, ndipo injini ya boti ankaidziwa ngati m'thumba mwake. Atakula analembedwa ntchito yoyendetsa boti lothamanga lonyamula alendo. Tsono alendowo nawonso ali ndi chikondwerero chawo, ngati n'koyenera kuchitcha choncho. Mwezi ukangokhala wathunthu amasonkhana pagombe la chilumba china, kudzipaka utoto, kumwa mowa wa m'tizidebe, zimkuzamawu zili gugugu mpaka nkhanu kuthawa m'mauna. Ukawafunsa chimene akukondwerera, sadziwa. Koma mwezi ndi umodzi, wathu ndi wawo, ndipo tsiku limene ife timavina pafupi ndi bwato lathu ndi lomwenso maboti a abwana ake a Niran ankadzaza anthu.

Ndiye Niran anayamba kujomba ku Loi Ruea. Bambo ake ankanyinyirika, koma mayi ake anapeza nzeru. Asanapite kuntchito ankamukhazika pakhonde n'kumumeta, kuti tsitsi likalowe m'bwato ngakhale mwini wake kulibe. Ulendo womaliza tsitsilo linali lalitali, kunsonga atalidaya lachikasu.

"Taona mwana wa munthu wasanduka chimanga chamasika," anatero mayi ake, sizasi ili m'manja.

"Amayi, atsikana achizungu amalikonda."

"Akalikonde lili pansi. Weramitsa mutu, iwe!"

M'mawa mwake bwato linapita bwinobwino, chidole cha Niran chili momwemo, anthu n'kuomba m'manja kuti minyama yatha. Dzuwa lili pamutu ndi pamene uthenga unafika. Chakudza sichiimba ng'oma. Pobwerera ndi alendo, mphepo yoyamba ya mvula inagubuduza boti la Niran. Alendo anali atavala zoyandamitsa ndipo onse anawatola. Niran yekha ndiye sanapezeke. Amuna a m'mudzi muno anasaka m'matanthwe ndi m'magombe onse, koma ngakhale chipewa chake, ayi ndithu.

Mayi Yupa atamva sanalire. Anagwada pakhonde paja, pamene anali asanasese, n'kuyamba kutola tsitsi m'mipata ya matabwa, limodzilimodzi, n'kulimanga m'kansalu.

A Samran anakana maliro. Anati mwana wobadwira m'bwato samira, mwina asodzi a dziko lina anamutola ndipo akusowa njira yobwerera. Loi Ruea yotsatira itafika anasema tizidole titatu ngati kale, n'kupempha akazi awo tsitsi pang'ono la m'kansalu kaja. Anthu anangoyang'anizana. Zinakhala choncho chaka ndi chaka, mvula ikamabwera ndiponso ikamapita. Malinga ngati Niran ali m'bwato, ndiye kuti ali moyo. Kunena zoona, tonse tinkamva chisoni, ndipo ena tinkatopa nazo, poti nyumba yopanda maliro sudziwa kuti ulowemo ndi nkhope yanji.

Munthu yekha amene ankawayankhula mosaopa anali mlamu wawo, a Manit, mchimwene wa mayi Yupa, amene amalandira zidole pabwato. Awiriwa anakulira limodzi ndipo ankakonda kunyozana mwanthabwala.

"Alamu, mbalame mwasemayi ndi mbalame kapena bakha wodwala?"

"Maso anuwo anatha ndi mowa wa mnjale, mungaone chiyani inu?"

"Koma za mwana zija, alamu, mudzazisiya liti? Mlongo wanga akuuma ali chiimire."

Akafika pamenepo a Samran ankangoweramira mpeni wawo n'kumapitiriza kusema.

Chaka chino, madzulo a tsiku lokonzekera, dzuwa lisanalowe, a Samran anakhala pakhonde n'kumaliza chidole chachitatu. Kubwalo ng'oma ndi vayolini zinali zitayamba kale, amayi atavala nsalu zawo zamaluwa. Anasasa tizibenthu ta mtengo pamiyendo n'kuitana.

"Mayi a Niran, bweretsani lija."

Anaitananso. Mayi Yupa anatuluka atafumbata kansalu, n'kukatambasula pamaso pa amuna awo. Tsitsi limene linatsala linali loti kamphepo kakangoti pee, lonse lapita. Kunsonga kunkaonekabe kachikasu.

"Latha," anatero mayi Yupa. "Ili ndi lomaliza, ndipo silichoka m'nyumba muno."

"Mukuti bwanji? Chidole chopanda tsitsi ndi nkhuni chabe, mukudziwa inu."

"Ndiye chikhale nkhuni."

A Samran anadzuka. "Mukufuna kundiphera mwana? Ndi pakamwa panu pomwepo?"

"Ine? Ine amene ndinam'bereka m'bwato mvula ili pamsana? Bambo a Niran, ine ndinadziwa tsiku lomwe lija. Mimba inandiuza. Ndakhala ndikukupatsani tsitsili chifukwa ndimakumverani chisoni, koma ine wondimvera chisoni ndani? Anzanga ali ndi manda okasesa. Ine ndilibe manda, ndilibe maliro, misozi ndimakalirira kuseri kwa nyumba ngati wakuba. Nyanja inatenga mwana yense, miyendo, manja, kuseka kwake konse. Yandisiyira aka kokha, ndipo inu mukufuna mukaipatsenso!"

Anayankhula mpaka mawu anasasa. Kenako anagwira dzanja la amuna awo, n'kuikamo kansaluko, n'kuwapinda zala.

"Tengani. Sindikufuna mudzati ndinakukanizani. Koma mvula ikamadzapita, bwato lina likadzakonzedwa, mudzamangirirapo chiyani?"

Mpunga ndi nsomba zimene mayi Yupa anaphika zinazizirira m'mbale.

Kutacha, nyanja inali bata ndipo mudzi wonse unali pagombe. Bwato linali litakhala pamchenga, mphuno italoza kunyanja, lokongola kuposa onse amene a Samran anasemapo. Mabanja ankabwera motsatana, a Manit n'kumalandira zidole, uku akuseka aliyense. Wina anamuuza kuti chidole chake chanenepa kuposa mwini wake, wina kuti minyama yake ingamize bwato.

A Samran anafika pomalizira, akukoka mwendo wawo. Anatulutsa chidole chawo n'kupereka. Anatulutsa cha akazi awo n'kupereka. Kenako dzanja linalowa m'thumba la malaya, mmene munali chachitatu pamodzi ndi kansalu kaja, ndipo linakhalitsa momwemo. Anayang'ana kunyanja. Kutali, maboti othamanga anali akubwerera ndi alendo otopa, ndipo anadzipeza akuyang'anitsitsa woyendetsa aliyense, monga ankachitira m'mawa uliwonse zaka zonsezi. Onse anali ana a eni. Mtima unawapweteka kwambiri, chifukwa anadziwa kuti akhala akuyembekeza munthu amene sakubwera, ndipo m'nyumba mwawo momwe muli munthu amene amusiya alire yekha.

Dzanja linatuluka lopanda kanthu.

A Manit, amene anali atatambasula kale dzanja kuti alandire chachitatu, anasiya kuseka. Anayang'ana mlamu wawo, n'kufunsa motsitsa mawu, monga amafunsira banja lililonse.

"Alamu, a m'nyumba mwanu alowa onse?"

A Samran anayang'ana tizidole tiwiri tija m'bwatomo.

"Onse," anatero.

Amuna anagwira bwato uku ndi uku n'kulowa nalo m'madzi mpaka m'chifuwa. Ng'oma zinalira. A Samran sanadikire kuti aone ngati liyende bwino. Anatembenuka n'kupita pamene panaima akazi awo, kumbuyo kwa anthu, n'kuwabwezera kansalu kaja ndi manja awiri.

"Lirani, mayi a Niran," anatero. "Mwana wathu anamwalira."

Mayi Yupa anakhala pansi pamchenga n'kuyamba kulira mokweza, kuitana mwana wawo ndi dzina. Oimba ng'oma anasiya mmodzimmodzi. Amayi amene anabwera kudzavina, nsalu zamaluwa zili m'chiuno, anasendera n'kukhala mowazungulira, ndipo maliro a Niran anayambira pomwepo, bwato lisanafike patali.