Maola a Mpando wa Kumanzere

Ku Matero aliyense amamudziwa Luse Mwango, mwana wa mayi ogulitsa salaula, zovala zovalidwapo kale, ku Lilanda. Anthu anayamba kalekale kumutchula ba Kaputeni, poti pakomboni ukangovala yunifomu basi wakwezedwa. Zoona zake, Luse anali wothandizira woyendetsa helikopita. Zaka zitatu ankakhala mpando wa kumanzere, pambali pa woyendetsa wake, ba Rex, kunyamula anthu a migodi. Akatera ankalemba maola ake m'buku, osadumphitsa ngakhale mphindi.

Kampani ina inamulonjeza ntchito pa helikopita yaikulu, bola pofika Lachisanu aonetse kuti maola a laisensi yapamwamba akwana. Lachitatu anapita nalo bukulo kwa mkulu woona za malaisensi. Mkuluyo anatsegula masamba pang'onopang'ono, chala chake n'kuima.

"Iyi ndeke ya ba Rex, ifunika bangati kuyendesa?"

"Umozi, bwana. Koma tenze babili."

"Ndiye vuto. Maola ya wothandizira tibelenga ngati ndeke ifunika bantu babili. Apa mwenze chabe pasenja wa yunifomu."

Luse anayang'ana bukulo. Maola mazana anayi, onsewo!

Atawauza ba Rex kubwalo la ndege, iwo anasuzumira uku ndi uku.

"Osalila iwe. Lemba mu buku yanyowani kuti nenze kukupunzisa. Nizasaina."

Koma ba Rex sanali mphunzitsi, ndipo onse awiri ankadziwa kuti zikadziwika, laisensi imene Luse anali nayo kale ipitanso. Ba Rex anamupatsa cholembera. Luse anachigwira nthawi yaitali, chifukwa ntchitoyo ankaifuna ndi mtima wonse. Kenako anatenga rula, n'kuyamba kukhwatcha maola aja, tsamba ndi tsamba. Ba Rex anangopukusa mutu n'kuchoka.

Luse anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mayi ake, ba Maud, anali pakhonde akusokerera mizere inayi yagolide ya ukaputeni pamapewa a shati yoyera imene anaipeza m'belo, yoti mwana wawo akavale Lachisanu. Luse anagwada n'kuwafotokozera zonse. Mayiwo anamvetsera, singano ili m'manja.

"Manje zaka zonse izi, sunali mumwamba?"

"Nenzemo, amayi. Koma maola siyabelengewa."

Ba Maud anayang'ana shati ija. Kenako analuma ulusi, n'kuyamba kusomola.